Mangolomera

Malume a Gwaza anandicheka ndi lezala latsopano
kuseri kwa khola, ku Khombedza, tambala asanalire kachiwiri.
Mphini zitatu padzanja lamanja, ziwiri pamsana,
phulusa lakuda lonunkha ngati tayala lopsa.
Anati: therere usadye.
Pansi pa chingwe choyanikapo zovala usadutse.
Ndipo wa magazi ako usadzamumenye,
mkono udzauma ngati phesi la m'chilimwe.
Ndinaseka. Ndani amamenya m'bale wake?

Masana ndimapalasa kabaza,
matumba a makala, amayi a geni ochokera ku Kaphatenga,
dzuwa la Salima litandikhala pakhosi ngati mwini ngongole.
Madzulo ndili m'shedi yakale ya thonje pafupi ndi njanji
momwe a Sajeni Chikhosi, opuma usilikali, otsala mano anayi,
anapachika thumba la mchenga kudenga.
Chigongono pansi! Chibwano bisa!
Iwe, ukumenya kapena ukupempha mchere?
Iwo amati mankhwala a nkhonya ndi thukuta basi.
Malume amati thukuta lopanda chizimba ndi madzi chabe.
Ine ndimavomera uku ndi uku
ngati mwana wa pamitala wodya nyumba ziwiri.

Asiyatu amagulitsa mpunga pamphambano, wa m'timbale.
Anaziona mphini tsiku lomwe ndinkamupatsa chenji,
nazisisita ndi chala, nafunsa:
izi zikukuteteza kwa ndani?
Yankho linasowa. Ndinamukweza ulere mpaka kwawo,
ndikupalasa mwaulesi dala
kuti msewu utalike.

Bambo ndi mkulu wa mpingo.
Anamva ziwiri tsiku limodzi:
za mphini, ndi za mwana wa kumzikiti.
Baibulo analitseka mwaulemu, naliika patebulo,
kenako anakagulula mpini wa khasu.
Mayi anaima pakhomo, nsonga ya chitenje ili kukamwa.
Achimwene anga a Lekeleni,
omwe sanaiwale kuti njinga ya malemu inagwera ine,
anandigwira malaya kumbuyo kuti bambo asaphonye.

Apo dzanja linadzuka lokha.
Mphini zinayabwa ngati ndaponda linthumbu,
phazi lamanzere linatsogola monga a Sajeni anandiphunzitsira,
chibwano cha bambo chili poyera, pafupi,
ndipo pansi pake tindevu titatu toyera
tomwe lezala linasiya m'mawa.
Tindevu timeneto.
Ndinatiyang'ana, mpini unatsika, kawiri, kachitatu.
Sindinabweze.

Mpaka lero sindidziwa chinandigwira mkono.
Malume akuti ndi mankhwala awo, amadziwa mwini wake.
A Sajeni anangopapasa nthiti zanga, nati:
lero ndiye wayamba kuphunzira,
nandiponyera mphasa pakona ya shedi.

Ndimagona pamenepo tsopano, ine ndi njinga ndi mileme.
Sitima ya katundu ikadutsa usiku
thumba la mchenga limagwedezeka lokha
ngati munthu wofuna kunena kanthu.
Mayi anatumiza bulangete kudzera mwa mwana wa aneba,
lopanda uthenga, lonunkha utsi wa kwathu.
Loweruka ndikumenyana ndi mnyamata wa ku Chipoka
amene akuti ali ndi mphini khumi ndi ziwiri.
Wina wandinong'oneza kuti a Lekeleni
amafunsa mtengo wa pakhomo.
Kaya akubwera kudzandiona ndikugwa, kaya.

Asiyatu wati kumeneko sapondako,
magazi amamuchititsa chizungulire.
Koma lero wabwera kuno ndi kabakuli m'nsalu,
wakhala pa njerwa, wavundukula.
Mpunga. Ndi therere.
Akudziwa. Ndinamuuza ndekha.
Wandipatsa madzi osamba m'manja,
wapinda mikono, akundiyang'ana,
ndipo chakudyacho chikuzizira.